Mzere wa Pulawo ndi Manda a Ampliata

Ampliata ananditsata ine Mucapor zaka zonse za usilikali wanga, kumbuyo kwa gulu la nkhondo, mtolo uli kumsana. Lamulo silinkalola msilikali kukwatira, ndiye anthu ankangomutchula kuti "mayi uja wa kwa Mucapor". Ine ndinkamuuza kuti, "Pirira, mayi. Ndikapuma adzandipatsa malo mumzinda, udzakhala ndi khomo lakolako."

Ndinapumadi. Anatiunjika m'matenti pachigwa chino cha Dacia, ati pano pamangidwa Sarmizegetusa, likulu la chigawo chonse. Chisanu chisanathe, chifuwa chinamutenga Ampliata. Ndinamuika pansi pa mtengo wa thundu. Nthawi imeneyo panali patchire chabe.

Udzu utaphuka kunabwera Fronto, woyeza malo, ndi zingwe zake. Zikhomo za malire anazidutsitsa kuseri kwa mtengo uja, manda n'kutsalira mkati. Ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti wakufa sagona mkati mwa mzinda.

"Achimwene a Fronto, takhotetsani chingwechi pang'ono pokha," ndinatero.

"Madala, mzerewu ndi wa wansembe. Ine changa n'kukhoma basi."

Nditapita kwa wansembeyo, anati mzerewo anaonetsedwa ndi mbalame. Mbalame! Nditamufunsa ngati khwangwalayo ankamudziwa mkazi wanga, anandipirikitsa. Kwa bwanamkubwa ndinkangothera pakhomo, mlonda akuti, "Abwana atanganidwa, mubwere mawa." Mawa, mawa, mpaka tsiku lolima malire linakwana. Mtima unkandiwawa, sindinama.

Anamanga pagoli ng'ombe ziwiri zoyera, nkhunzi kunja, yaikazi mkati. Bwanamkubwa anafunda nsalu kumutu n'kugwira pulawo. Ife asilikali opuma tinkatsata pambuyo, kukankhira zibuma zonse mkati, poti chimodzi chikatsalira kunja mwambo wawonongeka. Titafika pathundu paja ndinamenya chibuma chimodzi ndi phazi, chinagubudukira kunja. Ndinkati aima, ayezenso, mwina chingwe n'kukhota.

Fronto anali pambuyo panga. Anawerama, anachitola, n'kuchibwezera mkati mwakachetechete.

"Musadziphetse, madala," anandinong'oneza.

Ng'ombe zija zinangopitirira, osacheuka n'komwe.

M'mawa mwake ndinatenga khasu n'kukamufukula ndekha. Ndinamukulunga m'chofunda changa cha usilikali, chomwe iye anachisokasoka zigamba. Kunja kwa mzinda kunali apo, pongotambasula mwendo. Kangalande ka pulawo kaja n'koti nkhuku ikhoza kulumpha. Nditangonyamula phazi, Fronto anandigwira phewa.

"Mwapenga? Ili ndi linga. Wolumpha linga amaphedwa."

"Linga liti, iwe? Kamzere aka?"

"Linga, madala. Chipata chili uko kum'mawa, pamene ananyamula pulawo m'mwamba."

Ndinamutukwana, iye ndi zingwe zake ndi mbalame zomwe. Anangotola khasu langa n'kunditsata.

Tinadutsa chigwa chonsecho mkati mwa mzere. Anzanga anali kalikiliki kukhoma zikhomo pamalo awo, akazi awo akukangana za pomwe padzakhale chitsime. Atationa anasiya zonse n'kumatiyang'ana. Ine ndinkamuuza Ampliata chapansipansi, "Apa padzakhala msika. Apo mabafa. Msewu wathu ukanakhala uwu."

Chipata chakecho chinali kadanga ka udzu wosalimidwa, popanda mtengo, popanda mwala. Ndinaima pomwepo. Mayi amene ndinamulonjeza khomo mumzinda anagonamo tsiku limodzi, ndipo woyamba kutulutsidwa pachipata anali iyeyo.