Mvula Yofunda ya mu Juni

Mlongo wanga Nibaldo ndi munthu wamapulani. Sindikunena kuti mapulaniwo amatheka, ayi, ndikungoti ali nawo. Ndi yemwe uja anakonzera phwando la ukwati wake pabwalo m'mwezi wamvula, alendo tinadya keke titabisala pansi pa matebulo. Ndiye atandiimbira foni kumayambiriro kwa Meyi n'kunena kuti, "Achemwali, ndaganiza," ndinayamba ndakhala kaye pansi.

Nkhani inali ya bambo athu, a Eliodoro. Chiuno chawo chinali chitatha, ndipo madokotala anali atakonza zowaika chitsulo kumapeto kwa Juni. Dokotala wamkulu sanawabisire: kuyenda adzayenda, kuvina pang'ono mwina, koma zotsetsereka pa chipale chofewa aiwale. Munthu ameneyu chiyambire unyamata wake sanadumphitsepo nyengo yozizira osakwera kumapiri a kumtunda kwa Santiago. Ine anandiphunzitsa kutsetsereka atandipana pakati pa miyendo yawo ndisanadziwe n'komwe kulemba dzina langa. Mayi atamwalira, chimene chinawatsalira chinali phiri lomwelo.

"Tiwatengere kuphiri komaliza, opaleshoni isanachitike," anatero Nibaldo. "Atatufe, ngati kale. Alengeza kuti atsegulira malo otsetserekera Loweruka la pakati pa Juni."

"Walengeza ndani, mitambo?"

"Eni malo."

"Eni malo amalengeza chaka chilichonse, iwe. Chipale sichiwerenga zikwangwani."

"Inunso achemwali, pakamwa panu sipatuluka dalitso. Chaka chino chigwa msanga, ndafufuza."

Ndisaname, ganizolo linali labwino. Chimene chinandipweteka n'chakuti linachokera kwa iye. Ndipo asanandifunse n'komwe anali atawauza kale bambo, moti kubwerera m'mbuyo kunalibe.

Kufufuza kwa Nibaldo kunali kuyang'ana pa foni. Eni malo anaika kamera pamwamba pa nyumba yogulitsira matikiti, ndipo mlongo wangayo ankaiyang'ana pakudya, pantchito, ngakhale m'tchalitchi. Chimene tinkaona chinali miyala, mipando ya pachingwe yokwerera kuphiri ikulendewera yopanda anthu, ndi galu wina wachikasu amene ankadutsa masana alionse. Nibaldo anafika pomuzolowera galuyo.

"Taonani ubweya wake mmene wakulira," anandionetsa tsiku lina. "Nyama zimadziwa. Kukubwera chisanu choopsa."

"Ndiye tikatsetsereke pamsana pa galuyo."

Meyi anatha wopanda dontho. Utsi wa mumzinda unakhala phee pamwamba pathu, ndipo tsiku limene mphepo yauchotsako pang'ono, mapiri ankaoneka ofiirira ngati buledi wopserera. Nibaldo sanagwe ulesi. Anagula matcheni atsopano omanga ku matayala kuti galimoto isaterereke pa chipale, n'kumayeserera kuwamanga pakhomo pake dzuwa likuswa mtengo, aneba akuonerera pa mawindo. Anakonzeratu amene adzakhale mpando wakutsogolo, nyimbo za panjira, ndi khona limene tidzaime kuti bambo awongole mwendo. Chinthu chimodzi chokha ndicho anaiwala kukonza, ndipo chinali chomwecho chimene tinkapitira.

Bambo sankalankhula zambiri. Ndikapita kunyumba kwawo ndinkawapeza atagoneka matabwa awo otsetserekera pa mipando iwiri ya m'khitchini, akuwapaka phula ndi simbi yakale ya mayi. Nyumba yonse inkanunkha kandulo. Ankatsimphina kuzungulira matabwawo, dzanja limodzi lili patebulo, akuimba kamluzu. Ndinkati ndikawaona choncho mtima unkandiwawa, ndipo mkwiyo wonse ndinkakamutulira Nibaldo.

Kenaka Lachiwiri la sabata la ulendo, mvula inagwa. Inagwadi yeniyeni, misewu inasanduka mitsinje, mabasi akuthira anthu madzi m'mbali mwa msewu monga mwa chikhalidwe chawo. Kuno mvula ikagwa anthu timakazinga sopaipilla, timandasi tathu tamaungu tija, ndipo Nibaldo anafika kwa bambo atanyamula ufa ndi dzungu, atanyowa mpaka m'kati, mano onse ali pamtunda.

"Mvula mumzinda, chipale kuphiri!" anafuula ali pakhomo. "Achemwali, pepesani. Pepesani pamaso pa ababa."

Mawu amenewo ngakhale mwana wa mkaka amawadziwa, ndipo nthawi zambiri ndi oona. Koma ine ndinali nditabwera m'basi nditavala bulauzi yokha, thukuta lili kamukamu. Mvula ya mu Juni imayenera kuluma zala. Iyi inali yofunda ngati madzi osambitsira khanda. Ndinamuyang'ana mlongo wanga akuvina ndi chipande m'manja, mafuta akuthetheka, ndipo ndinangoti mumtima, mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Amalondawo anafika Lachinayi m'mawa. Nditatsegula mpopi, unatsokomola kawiri n'kukhala chete. Pa wailesi anati mtsinje wa Maipo wasanduka phala la matope, makina osefera madzi aimitsidwa, theka la mzinda likatunge ku magalimoto ogawa madzi. Aliyense wokulira kuno amadziwa tanthauzo lake. Chipale sichikokolola dothi, chimangokhala pamene chagwera. Mtsinje ukafiira chonchi ndiye kuti mvula yagwa mpaka pamwamba penipeni, ndipo ngakhale kachipale kamene kanalipo yakatsuka.

Ndinamupeza Nibaldo pamzere wa madzi pafupi ndi kwa bambo, zidebe ziwiri m'manja.

"Akatswiri a zanyengo, mwadzuka bwanji?" ndinamulonjera. "Walira mvula walira matope. Tsopano matope ako ndi awa."

"Kamera yaphimbidwa ndi nkhungu, sitikudziwa chimene chili kumtunda."

"Chidebe chili m'manja mwakocho chikudziwa."

"Eni malo ali ndi makina opopera chipale. Anapopera sabata yatha."

"Iwe Nibaldo, tandimvera. Ukufuna munthu wamkulu ngati uja akatsanzike phiri lake lili maliseche? Chithunzi chomaliza chimene asunge chikhale cha matope? Bola akhale ndi cha chaka chatha."

Anaika zidebe pansi. Kwa nthawi yoyamba chiyambire Meyi, nkhope yake inagwa.

"Chabwino," anatero. "Kawauzeni ndinu. Ali m'khitchinimo, akupukuta magalasi awo a kuphiri."

Ndinakwera masitepe nditakonzeka. Ndinawapeza ataika nsapato zawo zotsetserekera pafupi ndi chitofu kuti zifewe, masokosi aubweya atawapinda bwinobwino pamwamba pake. Ndinawafunsa ngati ali ndi madzi okwanira, ndinawathirira tiyi, n'kutuluka. Ndinachita mantha, basi. Pakamwa panga pamene anthu amapaopa panakanika kutulutsa mawu amodzi.

Loweruka m'mawa anadzanditenga. Ndinatuluka ndi kachikwama ka m'manja, nditavala nsapato za mutauni. Bambo anali kutsogolo akulimbana ndi lamba wa mpando, ndipo Nibaldo, amene ankamanga matabwa padenga la galimoto, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Nsapato zanu zili kuti? Matabwa?" ananong'ona.

"Zikupuma. Sindinyamula katundu kukasangalatsa matope. Tikukaona, tidye, tibwerere."

Pachipata cha msewu wokwera, wapolisi anatiimitsa kuti aone ngati tili ndi matcheni, poti lamulo la nyengoyi limatero kaya kumwamba kuli chiyani. Nibaldo anawatulutsa monyadira ngati akuonetsa mwana wobadwa kumene. Wapolisiyo anayang'ana matcheni, anayang'ana matabwa padenga, kenaka anatiyang'ana ife ndi chisoni chimene anthu amasungira anamfedwa. Anatikodola kuti tidutse.

Tinakwera makhona aja, limodzi pamwamba pa linzake. M'mbali munali miyala imene mvula inagwetsa, ndi timitsinje tofiira todutsa mumsewu. Pa khona lililonse Nibaldo ankati, "Tikangokhota apa muona," ndipo tikakhota tinkaona khona lina. Nyimbo zimene anasankha zinkalira. Bambo ankayang'ana pawindo, manja ali pa mawondo.

Pamwamba tinapeza chikwangwani chonena kuti kutsegulira kwaimitsidwa mpaka nyengo idzalole. Nyumba ya matikiti yokhoma, yobwereketsa nsapato yokhoma. Phiri lonse linali lakuda ndi lonyowa, mipando ya pachingwe ikudontha madzi. Amene anatilandira anali galu wachikasu uja. Anathamangira kwa Nibaldo ngati akudziwa kuti ndi yekhayo padziko lapansi amene anamukhulupirira.

Ndinali wolondola. Ndikufuna zimenezi zimveke bwino, chifukwa palibe amene anandiyamikirapo. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyambe ulaliki umene ndinaukonza njira yonse, koma bambo anali atatsika kale, akutsimphina kulowera kuseri kwa shedi yosungiramo makina.

Kumeneko, pamthunzi, kunali kotsalira ka chipale chopopera chija. Kanali kamzere kotsetsereka, kutalika kwake ngati mabasi awiri kapena atatu, kotuwa ngati chisanza chokolopera, timiyala tili mbuu pamwamba. Kumunsi kwake kunali chithaphwi. Bambo anakaponda ndi chidendene, n'kugwedeza mutu ngati munthu amene akuyesa mapeyala pamsika.

"Nibaldo, tsitsa matabwa."

"Ababa," ndinatero, "si chipale chimenechi. Mvula inagwa yofunda, tinkafuna kukuuzani..."

"Fresia, mwana wanga, mpopi wanga unatsokomola tsiku limodzi ndi wako. Ukuganiza kuti ndinabwera dzulo mumzinda muja?" Anakhala pa mwala n'kuyamba kumasula zingwe za nsapato. "Ndinkangoonerera ana anga awiri akunong'onezana ngati akubisa maliro. Chiuno ichi chatsala ndi ulendo umodzi wokha. Waufupi chonchi ndiye saizi yake. Ine kutsogolo, iwe pakati, mlongo wako kumbuyo kuti akagwa asatipweteke. Kavale."

Galu anakhala pansi. Nibaldo anayamba kuyang'ana kumwamba ngati kwalembedwa nkhani.

"Ndazisiya," ndinatero.

"Wasiya chiyani?"

"Nsapato. Ndi matabwa omwe. Ndinadziwa kuti kulibe chipale."

Bambo anandiyang'ana kumapazi, nsapato zanga za mutauni zitamira m'matope. Sanakalipe. Bola akanakalipa, ndikanadziwa poyankha. Nibaldo anati ndivale zake, koma phazi lake ndi ngalawa, langa likanangosambiramo, ndipo tonse atatu tinkadziwa kuti mwendo ukanathyoka ndisanafike pakati.

"Unadziwadi," anatero bambo pomaliza. "Iwe sulakwa kawirikawiri. Chabwino, tigwirire majekete."

Ndinagwira majekete. Nibaldo anandipatsanso foni yake kuti ndijambule. Anakwera cham'mbali pang'onopang'ono, mwana atagwira bambo ake pamkono, akupuma pa sitepe iliyonse. Atafika pamwamba pa kamzereko, bambo anakonza magalasi awo, anawongola msana, ndipo kutsimphina konse kunatha. Anatsika mofewa, anakhotera kumanzere, anakhotera kumanja, n'kuima mwaulemu m'mphepete mwa chithaphwi. Nibaldo anabwera pambuyo pawo manja ali m'mwamba ngati akuthamangitsa nkhuku, ndipo anakathera m'chithaphwimo chagada. Bambo anaseka mpaka kutsamira ndodo zawo zotsetserekera. Zonsezo zinatenga nthawi imene munthu amatenga pomwa kapu ya madzi.

Chipale chenicheni chinagwa bambo atagonekedwa kale m'chipatala. Chinagwa chambiri, mapiri onse anayera mpaka m'munsi, ndipo tinkawaona bwinobwino pawindo la chipinda chawo. Nibaldo, wopanda manyazi, analoza n'kunena kuti, "Mwaona? Ndinangophonya pang'ono." Galu uja anamutenga, akukhala kwake, ndipo ubweya wake ndi wautali chaka chonse.

Bambo tsopano amayenda ndi ndodo imodzi. Kanema uja amamuonera pafupifupi tsiku lililonse, ndipo mlendo aliyense wobwera pakhomo amakakamizidwa kumuona. Ine ndimadana naye. Muli anthu awiri pa kamzere konyansa, ndipo kumbuyo kwa foni kukumveka mkazi wina akudandaula kuti, "Fulumirani inu, matope akulowa m'nsapato."

Tsiku lina ndinawapempha kuti azitsitsako mawu akamaonetsa anthu.

"Ayi," anatero, akukweza mpaka kumapeto. "Ndi pokhapa pamene iwe ulipo."