Dzina la pa Reji

Amai Felistas Tembo anatenga miyezi inayi kuti adziwe kulemba dzina lawo. Anali mayi wamasiye wa zaka zopitirira makumi asanu, ndipo amuna awo anagwira ntchito ya njanji mpaka imfa. Lolemba ndi Lachitatu masana ankapita ku sukulu ya akuluakulu, imene anthu amaitcha Shibukeni, m'kanyumba ka mpingo chakumapeto kwa Mpima. Mphunzitsi anali a Stanislaus Mwanza, kalaliki wakale wa kunjanji komweko.

Ophunzirawo analinso ndi dimba la matimati ndi repu m'mbali mwa dambo. Ankathirira ndi makeni, misana n'kumachita kuwawa. Bungwe lina linawalonjeza pampu, koma linati gulu liyambe lalembetsa ngati kopaletivu. Pa fomu panafunika kusaina anthu khumi, ndipo amai Felistas, pokhala wapampando, mzere woyamba unali wawo.

"Chala ayi," anauza a Stanislaus. "Ndinadinda chala paukwati, kuchipatala, ngakhale pa pepala la imfa ya amuna anga. Apa pokha ndilemba."

Analembadi. Kilasi lonse linaombera m'manja.

Lachisanu m'mawa anakwera minibasi kupita m'tauni, atatu: amai Felistas, a Stanislaus, ndi bana Mumba, mlembi wa gulu, mayi wosapsatira mawu. Pa ofesi yolembetsa makopaletivu anakhala pa benchi mpaka dzuwa linafika pamutu. Atawaitana, anapeza mtsikana wa magalasi, dzina lake Exildah, akuyang'ana pa kompyuta.

"Mami, nipaseniko ma reji yonse," anatero.

Anayamba kufananiza ziphaso za bomazo ndi mayina a pa fomu. Sanapite patali. Anaima pa mzere woyamba womwewo.

"Sorry mami, iyi siizapita. Pa reji pali Felistus Tambo. Imwe mwalemba Felistas Tembo. Ni anthu awiri aba."

"Awiri bwanji, mwana wanga? Nkhopeyo si yanga?"

"Nkhope ni yanu, koma system siona nkhope."

Amai Felistas anatenga chiphasocho n'kuchiyandikitsa kumaso. Anakhala nacho zaka makumi anayi, chokulunga m'kapulasitiki, koma lero n'koyamba kuchiwerenga. Anayendetsa chala pa zilembo pang'onopang'ono, milomo ikugwedera. Ta-mbo. Zinali zoona.

"Aphunzitsi, ameneyu ndani?"

A Stanislaus anavula chipewa n'kuchivalanso. "Analakwitsa amene analemba kalelo, amai. Inenso ndalakwa. Ndikanayamba ndaona reji."

"Atate anga ndi a Tembo a ku Katete. Tambo sindimdziwa ine."

Exildah sanali wamwano. Anafotokoza bwinobwino kuti njira zinali zitatu: kulemba monga mmene zilili pa reji, kudinda chala, kapena kukalumbira kukhoti kuti dzina likonzedwe, zimene zikanatenga miyezi. Kenaka anakankhira kabokosi ka inki patsogolo pawo.

"Chotsa chimenecho," anatero amai Felistas.

Anatuluka panja n'kukaima pansi pa mtengo. Bana Mumba anawatsata, chitenje chikuwayawaya.

"Imwe ba Felistas, matimati akufota kudimba, inu muli pa mpikisano wa zilembo? Anthu asanu ndi anayi akudikira inu. Dindani tizipita!"

"Inu dzina lanu lili bwino pa reji, n'chifukwa chake mukulankhula."

"Nanga dzina mudzathirira nalo? Mwezi wa mawa kutentha kufika. Ine msana wanga watha, sindinama."

Amai Felistas anakumbukira amai Phyllis, okalamba kuposa onse m'gulu, amene sabata latha anagwa ndi keni m'manja n'kudzuka okha osadandaula. Anabwerera mkati.

"Ndipatse fomu ina ndi bolopeni."

Anaika reji pambali n'kuyamba kukopera. Dzanja linazolowera njira yake, ndipo litafika pakati linalemba "a" pamene panafunika "u". Exildah anatulutsa fomu yachitatu. Anthu a pamzere anayamba kung'ung'udza, wina n'kunena mokweza kuti agogo angodinda. Thukuta linatsika m'khosi. A Stanislaus anafuna kuwagwira dzanja, koma iwo anawakankha ndi chigongono. Ulendo uno anamaliza: Felistus Tambo, zilembo zopendama ngati mpanda wakale.

"Yes, apa mwakhoza mami," anatero Exildah. Kenaka anayang'ana fomuyo n'kuluma mlomo. "Koma iyi ni fomu yatsopano. Enawo afunika asainenso pamene apa. Na abwana odinda stampa ali ku workshop ku Lusaka. Mubwere Lachinayi."

Bana Mumba anaseka, koma sikunali kuseka kwa chimwemwe.

Lolemba amai Felistas sanabwere ku Shibukeni. Atawerutsa kilasi, a Stanislaus anatsikira kudimba ndi fomu ija m'thumba. Anawapeza akutunga madzi padambo, matope mpaka m'mawondo.

"Tinakusowani lero, amai."

"Ndinali ndi ntchito."

"Onse asaina. Ndaona reji ya aliyense. Ya amai Phyllis nayonso ndi yolakwika, ndi ya a Maybin. Pa ya a Maybin anawachotsera zaka zisanu ndi chimodzi."

Amai Felistas anatula makeni pansi. "Ndiye mwawaphunzitsa kulemba zolakwikazo?"

"Ndikanatani?"

Amai Felistas anawayang'ana mphunzitsiyo, mkulu wa imvi ataima pamzere wa repu ndi nsapato zake zopolisha.

"Lachinayi mupite ndi bana Mumba," anatero. "Ine ofesi ija sindipondamonso mwezi uno. Lachitatu ndibwera ku kilasi. Koma mukandiitana Tambo, ngakhale mwanthabwala, ndinyamuka."

"Sindingayerekeze."

"Chabwino. Tengani keni imodzi iyo, mizere yatsala isanu."

A Stanislaus anavula nsapato, napinda buluku, n'kulowa m'matope.