Kiyi Wachitatu

"Ukufuna kuchita chiyani?" bambo ake a mwana anandifunsa, maso ali pa mapu.

Ndinacheuka kuti ndione ngati kumbuyo kwanga kuli munthu wina. Zaka zinayi m'banja, funso limenelo linali lisanatulukepo m'kamwa mwawo kulunjika kwa ine.

Linali Loweruka masana, tsiku la masewera awo. Pa pepala lalikulu anajambulapo mzinda wozunguliridwa ndi mpanda, wokhala ndi msika, ndende ndi chipata chimodzi. Mnzawo aliyense ankatenga munthu wongopeka n'kumayenda naye mumzindamo. Iwo ankafotokoza zochitika, wosewera n'kunena chomwe akufuna kuchita, kenako dayisi n'kugamula: madontho ochuluka ndiye kuti zatheka, ochepa zakanika. Dayisiyo ankaponya okha kuseri kwa katoni yoimikidwa patebulo. Tsikulo mlamu wanga sanabwere, choncho anandikhazika pampando wake pakati pa anzawo awiri, Adalaivala ndi Akalipentala.

"Musaope, alamu," anatero Adalaivala. "Ine muno ndafamo kanayi, koma ndikudyabe."

Bambo ake anandipatsa mkazi wogulitsa mchere kuti ndiyende naye mumzindamo. Ndinayang'ana mapuwo bwinobwino, mwana wanga wamkazi wa zaka zitatu atakoleka dzanja m'khosi mwanga. Ndinaona kuti kunja kwa mpanda pepala linali loyera mbee. Ngakhale kanjira kokha panalibe.

"Mcherewu umachokera kuti?" ndinafunsa.

"Umangopezeka. Sewera."

"Nanga madzi amatunga kuti? Chitsime sindikuchiona."

Akalipentala anaseka mpaka kutsokomola. "Mwamva, achimwene? Miyezi isanu tikumenyana ndi zilombo, palibe anafunsapo za madzi. Anthu anuwa samva ludzu?"

Bambo ake nawonso anaseka, koma chala chawo chinayamba kugogoda tebulo. Kugogoda kumeneko ndinkakudziwa ngati mmene nkhuku imadziwira mthunzi wa kabawi.

Pakhomo pathu panali zitseko ziwiri: chamatabwa, ndi chachitsulo cha mipiringidzo kunja kwake. Chachitsulocho anatiikira ndi Akalipentala omwewo, chaka chomwe mwana anabadwa, ati kuopa akuba. M'mawa uliwonse bambo ake akamapita kuntchito ankatseka loko kunja, makiyi awiri ali m'thumba. Ine ndi mwana tinkaona msewu kudzera m'mipata. Mwana atatentha thupi mwezi wapitawo, ndinakhala naye pamphasa kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ndikumunyowetsa ndi kansalu, kudikira kulira kwa makiyi. Achemwali anga anabwerapo kamodzi, tinalankhulana kudzera m'mipiringidzo. "Kwanga kuli malo," anandinong'oneza. Ndinawauza kuti ndipempha kaye.

"Tikudikira iwe," anatero bambo ake. "Ukufuna kuchita chiyani?"

Ndinaloza pamapu. "Ndikufuna kutuluka pachipata."

"Kunja kulibe kanthu."

"Ndikufuna ndikadzionere ndekha."

"Chipata n'chotseka. Mlonda wakana."

"Ndimupempha. Ndimuuza kuti mwana wanga akudwala."

"Wogulitsa mchereyo alibe mwana."

"Lamulo ndi lanu lomwe, achimwene," Akalipentala analowererapo. "Munthu akayesa, dayisi iyankhe."

Anatola dayisi ija, kuipukusa m'manja n'kuiponya kuseri kwa katoni. Anzawo sankatha kuona. Koma ine, amene ndinazolowera kuwerenga nkhope yawo m'galasi la kabati ndisanalowe pabalaza, ndinakweza maso. Galasilo linali kumbuyo kwawo ndipo linkaonetsa zonse za kuseri kwa katoni. Madontho atatu uku, atatu uku: asanu ndi limodzi.

"Wani," anatero, mawu ali phee. "Mlonda wakukankha, wagwera m'matope. Mchere wako wonse wasungunuka."

Adalaivala anaomba m'manja. "Takulandirani, alamu! Umu ndi mmene timafera muno."

Ine sindinaseke. Ndinali nditakonza mawu opemphera kwa masabata atatu: ndidzayamba ndi kuwayamikira, kenako ndidzatchula za mwana, kenako za achemwali. Ndinkakhulupirira kuti ndikapeza mawu oyenera pa tsiku loyenera, adzavomera. M'galasimo ndinaona chala chawo chikugubuduza dayisi ija mwakachetechete mpaka dontho limodzi litabwera pamwamba.

Nditatsitsa maso, ndinapeza Akalipentala nawonso akuchotsa awo pakabati. Anayang'ana ine, kenako chitseko chachitsulo, kenako manja awo.

"Dziko lanuli likundivuta kukhulupirira, achimwene," anatero pang'onopang'ono. "Ine ndagula maloko ambiri. Loko aliyense amabwera ndi makiyi atatu pa kawaya. Mlonda ali ndi wake, mfumu ya mzinda ili ndi wake. Wachitatu ali kuti?"

"Anatayika."

"Kiyi satayika. Amangoiwalika m'bokosi la mmisiri."

"Mwabwera kudzasewera kapena kudzandiphunzitsa ukalipentala?"

"Pepani, bwana mlengi," anatero Adalaivala, onse n'kuseka. Masewera anapitirira. Ine bambo ake anandiuza kuti wogulitsa mchere wakomoka, ndikhoza kukaika madzi a tiyi.

Sabata yonseyo sindinapemphe kanthu. Loweruka lotsatira mlamu wanga anabwera, mpando wake n'kuutenga. Akalipentala anafika ndi bokosi lawo la zipangizo, ati akuchokera kuntchito. Sanandiyang'ane ngakhale kamodzi. Atapita onse, ndikutsuka makapu, ndinamva kanthu kakulira pansi pa kapu yawo. M'masamba a tiyi munali kiyi wamng'ono, akadali ndi kachidutswa ka waya.

Ndinamubisa m'thumba la ufa wa phala la mwana. Lamlungu lonse ndinkangoona ngati thumbalo likuwala, ngati bambo ake akulimva fungo.

Lolemba m'mawa loko analira monga mwa masiku onse. Ndinamvetsera nsapato zawo mpaka zitazimirira, n'kudikirabe, poti nthawi zina ankabwerera mwadzidzidzi ati aiwala kanthu. Kenako ndinabereka mwana, ndinatenga kachikwama ka zovala zake ndi khadi lake la kuchipatala. Dzanja langa linadutsa pakati pa mipiringidzo, koma kiyi anandipulumuka n'kugwa. Anagwera kunja, pasitepe. Ndinagona chafufumimba, mwana akulira kumsana, phewa likukhulika pachitsulo, mpaka nsonga ya chala changa inakhudza kawaya kaja.

Loko atatseguka, sindinatuluke nthawi yomweyo. Ndinabwerera pabalaza ngati munthu woiwala kanthu. Mapu aja anali akadali patebulo, katoni itaima pamalo pake. Ndinaigwetsa. Ndinatola dayisi, kuitembenuza mpaka madontho onse asanu ndi limodzi ali pamwamba, n'kuiika pachipata chojambulidwa chija.

"Amama, tikupita kuti?" mwana anafunsa.

Ndinayang'ana kunja kwa mpanda, pomwe pepala linali loyera. Panali kachidindo kamodzi kokha, kozungulira, komwe kapu ya tiyi yonyowa inasiyapo.

"Gwira zolimba," ndinamuuza.