Kompyuta ya Mlamu Sizimitsidwa

Palibe kompyuta imene inandigonjetsapo ine. Ndayenda maiko khumi ndi limodzi, ndinayamba ndi tebulo limodzi pakhonde la sitolo ya munthu wina, lero ndili ndi masitolo atatu anga. Masisitimu onse oyendetsa kompyuta ndimawadziwa ngati ana a m'nyumba mwanga. Windows ndi minibasi, ili pa msewu uliwonse ndipo makaniko aliyense amaidziwa. Mac ndi hotela, mumagona bwino koma bedi simusuntha. Linux ndi puloti: amakupatsa njerwa zaulere, nyumba umange wekha.

Zonsezi ndinkafotokozera asisi anga Lachitatu m'mawa mu shopu yawo yosokeramo zovala, katoni ya kompyuta yatsopano ili pamapazi anga.

"Pasipoti, khala pansi," anatero asisi, mapini ali kukamwa. Dzinali anandipatsa nditangokwera ndege koyamba. "Ukuzungulira ngati nkhuku yofuna kuikira. Ukundipondera nsalu."

Sindikanatha kukhala. Pakona panali kompyuta ya malemu mlamu wanga, yachikasu ngati dzino la munthu wosuta, fani yake ikulira. Mlamu anali telala wokonda manambala. Zaka makumi awiri zapitazo analemba yekha kapulogalamu kosungira miyezo ya makasitomala: khosi, chifuwa, chiuno, mwendo. Sabata imeneyo asisi anali ndi oda ya maovolosi a antchito a pafakitale ina, yofunika Lolemba. Akalephera, oda ya chaka chonse ipita kwa telala wina.

"Mudziwe kuti masisitimu asintha kanayi chigulireni chinthu ichi," ndinatero. "Masiku ano zithunzi zimayenda, mafayilo amadzisunga okha, inu mukadali pa zilembo zobiriwira."

"Zilembo zobiriwirazo zinakulipirira sukulu. Usaikhudze. Kompyuta ya mlamu wako sizimitsidwa."

Ndinaseka. Ndinkayesa ndi chikondi cha mayi wamasiye basi.

Atapita kukagula mazipi, manja anga anayamba kuyabwa. Ndinawerengera: kuzimitsa, kuchotsa disiki, kukopera zonse, mphindi makumi atatu. Akamabwera apeza zonse zili mu yatsopano, andigwadire. Ndinaizimitsa. Fani inasiya kulira, mu shopu munangoti zii, mpaka amayi awiri osoka kumbuyo anaimitsa makina awo n'kundiyang'ana.

"Achimwene," anatero wamkuluyo, "mwapha bambo a shopu."

Disiki ndinakopera bwinobwino, pamenepo sindinalakwitse. Koma nditaibwezera, kompyuta yakale inakana kudzuka. Ndinadina, ndinapemerera fumbi, ndinasintha chingwe. Yatsopano nayo, itaona kapulogalamu ka mlamu, inati chilankhulo chimenecho siikuchidziwa.

Asisi atalowa sanakalipe. Anaika mazipi patebulo, n'kuyang'ana pakona nthawi yaitali.

"Muli anthu anga onse mmenemo," anatero. "Ena ndinawayeza ali akwati, lero ndikusokera ana awo. Maiko khumi ndi limodzi aja akuthandize."

Masana onse ndinali pa msewu, uku ku sitolo yanga, uku ku shopu. Ndinabweretsa laputopu yanga ya Mac, kapulogalamu sikanatseguke. Ndinayesa pa Linux, kanatulutsa mutu n'kubwereranso. Ndinaimbira mnzanga wina wa kunja amene tinagonapo limodzi pa benchi ya pabwalo la ndege. Anandiseka mpaka foni inatentha. Lachinayi m'mawa malaya anga a mtengo wapatali anali atanyowa kale ndi thukuta, ndipo amayi osoka aja ankandifunsa mwaulemu ngati ndikufuna mpando kapena dokotala.

Nzeru inandibwerera nditaima pa mzere mu banki. Ndinkakakamiza nkhalamba kuphunzira chilankhulo cha ana. Bwanji osaimangira chipinda chake m'nyumba yatsopano? Ndinachoka pa mzere ndikuthamanga. Mkati mwa sisitimu yatsopano ndinapanga kompyuta yongoyerekeza, ya mphamvu zochepa ngati za kale, n'kuikamo sisitimu yakale yonse monga ndinaikopera. Inaganiza, inaganiza, kenaka zilembo zobiriwira zinatuluka, dzina la mlamu lili pamwamba.

"Asisi, bwerani mudzaone mlongo wa ndani ameneyu."

Anabwera, anavala magalasi, anatsika ndi chala pa maina. Zaka makumi awiri zonse zinalipo. Anafika pansi, n'kubwerera m'mwamba, n'kutsikanso.

"A pafakitale ali kuti?"

Pamenepo m'pamene anandiuza. Kapulogalamu ka mlamu sikalemba kanthu pa disiki mpaka oda itatsekedwa. Mlamu ankati telala salemba m'buku munthu amene sanamalize kumuyeza. Asisi ankadikira antchito awiri amene anali patchuthi, choncho ena onse anali m'mutu mwa kompyuta chabe, imene sinkazima ngakhale magetsi athime chifukwa cha batire lalikulu lili pansi pa tebulo. Nditazimitsa, ndinawafufuta ndi chala changa.

"Bwanji simunanene?"

"Ndinati usaikhudze. Unkafuna ndikulembere kalata ya pa ndege?" Anachotsa tepi m'khosi mwawo n'kuikoleka m'khosi mwanga. "Uli ndi ngongole yanga, Pasipoti. Anthu makumi asanu ndi limodzi ndi atatu. Ine ndikhala pano ndikudula nsalu."

Lachisanu ndinali pafakitale, nditagwada pa simenti, nsapato zogula kunja zili m'fumbi. Awiri a patchuthi aja anali atabwerera. Kapitawo anandipatsa nthawi yopuma yokha, ndiye ndinkathamangitsa anthu m'makonde ndi tepi m'manja. Wowotcherera wina wamimba yaikulu anaibweza mkati, n'kugwira mpweya kuti ndilembe zochepa.

"Pumani, akulu," ndinamuuza. "Ovolosi siiopa munthu."

"Koma inu si aja a masitolo a makompyuta?"

"Ndine ndemwe. Kwezani mkono."

Aliyense ndikamuyeza ndinkaimbira asisi, iwo n'kumalowetsa manambala, lumo likumveka m'foni. Womaliza anali mlonda wa pageti, wamtali ngati chitseko. Ndinakwera pa kreti kuti ndifike paphewa.

Madzulo ndinabweza tepi. Asisi anawerenga maina pa zilembo zobiriwira, milomo ikuyenda.

"Makumi asanu ndi limodzi ndi atatu," anatero. "Yatha."

Anadina potsekera oda, disiki yatsopano inalemba, ndipo kwa nthawi yoyamba sabata imeneyo ndinakhala pansi.