Akaunti ya Maureen

Godwin Sakala anatsika pa njinga mdima utagwa kale. Minibasi inamusiya pamsewu waukulu, kupitirira Nyimba. Kuchoka apo anakwezedwa panjinga, kudutsa m'minda ya thonje, chikwama cha laputopu chili pachifuwa ngati khanda. Malowo sankawadziwa. Ankangodziwa kuti ndi kachipatala kakumudzi cha kwa Kalindawalo, ndi kuti kukacha ayenera kuchoka.

Anali mwana wa mu Lusaka, munthu wosakhazikika. Sabata ino Katete, yamawa Lundazi. Chimwalirire mkazi wake, ntchito iliyonse yakutali ankailumphira anzake asanaione. Nyumba ya ku Kabwata inkamuluma. Masana a tsikulo, basi ikukwera mapiri a ku Luangwa, iye anatsinzina dala. Mpamene mkazi wakeyo, Maureen, anathera zaka ziwiri zapitazo, basi itagubuduzikira kuphedi.

Pakhonde panaima mayi wojintcha, tochi ili m'manja.

"Ndinu a kompyuta? Takudikilani kuyambila masana. Ndine Margarida, kalaliki wa pano. Anesi apita ku Minga ndi wodwala."

"Ndine Sakala. Mabatile a sola ali bwanji, amai?"

"Ha, anthu a m'tauni! Munthu wamoyo ndili pano, inu mukupatsa moni mabatile?"

Godwin anapepesa. Anapereka moni woyenera. Mayiyo anaseka, namulowetsa m'kachipinda konunkha mankhwala, mmene kompyuta inali itafunditsidwa chitenje kuopa fumbi.

Ntchito yake inali yosavuta. Mukompyutamo munali nkhokwe ya zonse za odwala: obadwa, obayidwa katemera, amayi apasikelo. Iye anayenera kulumikiza nkhokweyo ku makina aakulu a kuboma, kuti zolembazo zizipita zokha, Margarida aleke kupalasa njinga kukapereka malipoti. Kulumikizako kunkafuna zinthu zochepa: adiresi ya kompyuta, khomo lolowera, dzina la akaunti ndi pasiwedi. Ukatero umayesa. Chikayaka chobiriwira ndiye kuti zatheka. Pomaliza pankabwera lamulo limene iye sanaliphwanyepo: akaunti ya munthu amene sagwiranso ntchito pamalopo itsekedwe, aliyense apatsidwe yakeyake.

Analowetsa chingwe. Analemba adiresi ndi khomo.

"Akaunti yanu ndi iti, amai?"

"Yanga? Pano tili nayo imodzi basi. Ine, anesi, ngakhale a zaumoyo akabwela, tonse timalowela mwa asisi Maureen."

Zala za Godwin zinaima m'malere.

"Maureen uti?"

"Maureen Njobvu. Ndiwo anatiikila makinawa. Anakhala pano nthawi ya mvula, mlatho utakokoloka. Ankagona kwanga. Kamtsikana kochepa thupi, koma kudya chiwawa chotendela, masamba a maungu aja, mayo! Munagwilapo nawo nchito?"

"Ndinkawadziwa."

Maureen kuntchito sanasinthe dzina la bambo ake. Ndipo inde, anamuuzapo za kachipatala kena kumene anatsekerezedwa ndi madzi, za mayi wina wochokera ku Mozambique amene anamuphunzitsa kuphika. Anamuuza pafoni. Godwin anali ku Solwezi, akungoyankha kuti eya, eya, maso ali pa ntchito ina.

"Pasiwedi?" anafunsa Godwin.

Margarida anayamba kuseka asanayankhe.

"Musaseke, bambo. Ndi godiwanga, zilembo zing'onozing'ono. Tinawafunsa kuti Godi ndani. Akuti ndi amuna anga, munthu wosakhala pansi ngati m'thalauza muli linthumbu. Akuti ndikamalemba dzina lawo m'mawa uliwonse, mwina adzakumbuka njila yakunyumba. Ndiye taonani ife, azimai okwatiwa, tsiku ndi tsiku kuitana mwamuna wa mwini! Amuna anga a Julio anafuna kundisiya atamva."

Godwin analemba. Chilembo chimodzichimodzi, ngati akuponda minga. Anadina poyesera. Chobiriwira chinayaka.

Zolemba zinayamba kutsika pagalasi. Mwana wobadwa Lolemba, wolemba Maureen Njobvu. Katemera wa dzulo, wolemba Maureen Njobvu. Mayi woyezedwa mmawa wa tsiku lomwelo, wolemba Maureen Njobvu. Ku Lusaka zovala zake zinagawidwa kalekale. Nambala yake ya foni inapatsidwa munthu wina wogulitsa makala. Koma kuno, kuseri kwa minda ya thonje, Maureen anali akugwirabe ntchito. Anali asanajombepo.

Lamulo linali kumudikira pansi pa galasi, m'kabokosi kofiira.

Anaganiza zongolisiya. Ndani angadziwe? Akanatha kubwerera ku Lusaka, usiku uliwonse n'kumatsegula makina aakulu, n'kumaona mkazi wake akulandira ana. Akanakhala ndi kokamupeza.

"Mukakawaona muwauze kuti ndakwiya," anatero Margarida akupukuta fumbi patebulo. "Analonjeza kuti adzabwela ndi a Godi awowo kuti tidzawaone. Foni yawo imayankhidwa ndi mwamuna wamwano. Kapena anatiiwala, ife a kumudzi?"

"Sanakuiwaleni."

"Nanga?"

Godwin anayang'ana chingwe. Anayang'ana khoma. Pothawira panalibe, basi inali kutali.

"Amai, Godi ndine. Maureen anamwalila. Ngozi ya basi, ku mapili a Luangwa. Zaka ziwili tsopano."

Nsanza inagwa m'manja mwa Margarida. Anavula nsapato. Anamasula chitenje, nachimanganso molimba m'chiuno. Anakhala pansi pasimenti, miyendo tambalale, nayamba kulira maliro. Sikunali kusisima kwa m'tauni kobisa m'kampango. Kunali kulira kotchula dzina, kofunsa wakufayo mafunso. Mng'ono wanga, unapitiranji osatsanzika? Chiwawa ndinabzala chija adye ndani?

"Amai, chonde," anatero Godwin. "Ndi zakale."

"Zakale kwa inu, alamu. Kwa ine wamwalila lelo."

Amayi oyembekezera amene ankagona kuseri kwa chipatala anamva. Anabwera mmodzimmodzi, mimba patsogolo, nakhala pansi m'mbali mwa khoma. Ambiri Maureen sanamuonepo. Ankangodziwa dzina lake pa makadi a ana awo. Koma maliro n'kulirana. Wina anayambitsa nyimbo yakutchalitchi chapansipansi, ena nalandira. A Julio anafika ndi mpando, naukhazika pafupi ndi Godwin.

Pa maliro enieni Godwin sanalire. Anali kuthamangira bokosi, mabasi, chakudya cha anthu. Atangoika, anakwera basi ya ku Mongu. Tsopano panalibe chothamangira. Anatsetsereka pampando, nakhala pansi pakati pa anthu osawadziwa, ndipo misozi imene anaisunga zaka ziwiri inayamba kutsika.

Nyimbo zitatha, Margarida anapukuta mphuno, namuyang'ana.

"Ndiye nchito yanu yatha?"

"Kwatsala kutseka akaunti yake. Koma ndikhoza kuisiya. Palibe angaone."

"Mukaitseka, dzina lake lifufutika pa ana aja?"

"Iyayi. Zimene zinalembedwa zikhala. Kungoti sipadzalembedwanso zatsopano."

Mayiyo anatola nsanza ija pansi.

"Ife tinathawa nkhondo ku Tete ndili kamtsikana," anatero. "Atate anga anatsalila m'njila. Amai anakana kuwalila, akuti mwina abwela. Mpaka kukalamba ankawasungila mbale. Mbale ija inatidya tonse, alamu. Ine ndamugwilitsa nchito mng'ono wanga zaka ziwili ali m'manda, osadziwa. Tsopano ndadziwa. Musiyeni apume."

Usiku umenewo Godwin anagona kwa a Julio, pamphasa imene ankagonapo Maureen. Anadzuka tambala asanatsike mumtengo.

Anapanga akaunti ya anesi. Anapanga ya Margarida, namuuza kuti asankhe pasiwedi yakeyake, iye atayang'ana kumbali. Anapanganso ya makina aakulu, nayesa. Chobiriwira chinayaka. Kenako anatsegula akaunti yakale ija, nalemba pasiwedi yake komaliza, ngakhale panalibe chifukwa choilembera. Kabokosi kofiira kanafunsa ngati watsimikiza.

Margarida anaika dzanja paphewa pake. Godwin anadina.

Panalibe phokoso lililonse. Dzinalo linangosanduka lotuwa.

Wanjinga anali atafika kale panja. Margarida anatuluka ndi kathumba ka mtedza ndi masamba a chiwawa okulunga m'pepala.

"Izi zinali zake. Mukadye ndinu. Lelo mugona kuti, ku Katete?"

Godwin anayang'ana kummawa, kumene kunali ntchito yotsatira. Anayang'ana kumadzulo.

"Ku Kabwata," anatero. "Kunyumba."

"Mwachedwa nayo njilayo, a Godi. Koma pitani."

Njinga inalowa m'minda. Mlendo ndi mame, amatero akulu, ndipo mame a pathonje anali atayamba kale kuuma. Kumbuyo kwake khanda linalira m'chipinda cha amayi. Godwin anatembenuka. Pazenera anaona Margarida akuvundukula chitenje pakompyuta, nakhala pansi, nayamba kulemba ndi chala chimodzi, pang'onopang'ono, dzina lake lomwe.