Mfumu Yotsuka Mbale

Amawotchi sankakonda mafilimu. Koma Lamulungu limenelo masana, mwana wawo wamkazi anawakhazika pampando wofewa m'chipinda chake chochezera, kuwapatsa kapu ya tiyi, n'kuwauza kuti buku lija analipanga filimu.

Linali buku la mfumu ndi mfumukazi amene anapita kukamenyana ndi chinjoka chamapiko chomwe chinamwa mtsinje wonse wa dziko lawo. Iwo sanaliwerengepo ndi maso awo. Ankawawerengera ndi malemu akazi awo, akaweruka kukashopu kawo kokonzera mawotchi, maso atatopa ndi timawilo.

Mayiwo ankawerenga mwa njira yawoyawo. Akakwiya, mfumu ya m'bukumo inkasiya nsapato pakhomo n'kupunthwa nazo asilikali ake akuona. Amawotchi akaiwala kumwa mankhwala, chinjoka chinkagona chigonere chifukwa chonyozera mapiritsi. Amawotchi ankaona ndithu kuti maso a akazi awo sakuyenda pamizere, ankaonanso masamba atatu akutembenuzidwa pamodzi. Sanafunsepo. Ankangodzuka kukachotsa nsapatozo.

Tsopano nkhani imeneyo inatsala m'mutu mwa munthu mmodzi yekha, ndipo mwiniwakeyo sanafune kuti aliyense aikhudze. Tsoka lake, pampando wapambali panali mkamwini, wowerenga mamita a madzi, amene bukulo analiwerenga kawiri, munthu wokhulupirira chilichonse cholembedwa.

Filimu isanapite patali, mkamwini anali atayamba kale.

"Aaa, ayi! Hatchi imeneyo m'buku ndi yoyera. Ndipo taonani lupanga, linali kumanja, pano lili kumanzere. Anthu amenewa amatitenga ngati ana."

"Inu, tionere filimu kapena tionere inuyo?" anatero mkazi wake.

"Ndikungothandiza. Si choncho, Bambo?"

Maso a Amawotchi anali pafilimu. Ankayang'ana mfumu ikudya ndi nduna zake patebulo lalitali. Itamaliza inapukuta pakamwa, n'kutuluka.

"Alakwitsa," anatero.

Mkamwini anasangalala kuti wapeza mnzake. "Mwaonatu! Pati, Bambo?"

"Sinatsuke mbale."

"Ndani?"

"Mfumu."

Mkamwini anaseka, kenako anaona kuti akuseka yekha. "Mfumu kutsuka mbale? Ili ndi antchito odzaza bwalo!"

"Inkatsuka. Ndi mapoto omwe."

Mwana wamkazi uja anaweramira m'kapu yake. Iye ali wamng'ono ankamvetsera kuseri kwa chitseko, ndipo bukulo analiwerenga yekha atakula. Ankadziwa kumene mapotowo anachokera. Anatambasula dzanja n'kutsina mwamuna wake pantchafu.

"Mayo! Mukunditsiniranji? Ndalakwa kunena zoona?"

"Imwani tiyi akuzizira."

Kuyambira pamenepo zolakwika zinachuluka mbali zonse. Mkamwini anapeza kuti mlatho unayenera kukhala wachingwe osati wamiyala, ndiponso kuti nduna yadazi inafa kalekale pamutu wachitatu, nanga ikufunanji pano? Amawotchi anapeza kuti chinjoka chikuoneka chathanzi kwambiri. Mkamwini anatsegula pakamwa, n'kuyang'ana dzanja la mkazi wake, n'kutsekanso.

Kenako inafika nkhondo yomaliza. Mfumukazi inalowa yokha m'phanga, chinjoka chinalavula mtsinje, madzi anasefukira, ndipo asilikali anatuluka atanyamula chisoti cha mfumukaziyo chokha. Mfumu inagwada m'matope. Nyimbo yachisoni inayamba, mayina a ochita filimuyo n'kumakwera pakanema.

"Apa pokha achita bwino," anatero mkamwini. "Ndendende m'buku."

Amawotchi anaika kapu pansi. Mutu womalizawo anaumvera kuchipatala, atakhala pakampando kachitsulo pambali pa bedi, mayiwo akupumira pakati pa mawu.

"Sanafe."

"Bambo, anafa. Pepani, koma anafa."

"Sanafe."

"Inu, tasiyani," anatero mkazi wake.

"Ndisiye bwanji? Mbale ndalolera, chinjoka chodwala ndalolera. Koma munthu wakufa ndi wakufa!"

Mawuwo atangotuluka anazindikira kuti wawalankhula pamaso pa munthu woferedwa, koma miyendo inali itamufikitsa kale pashelefu. Anatsitsa buku lake, n'kuima nalo ngati munthu amene wanyamula mphika wotentha wopanda pouika.

"Werengani, apongozi," anatero Amawotchi.

Mkamwini anawerenga. Sankatha kunama, ngakhale pa mita ya mnzake. Anawerenga za chisoti, za mfumu m'matope, za manda amene anakumba m'mbali mwa mtsinje. Mawu ake ankachepa mzere uliwonse.

"Patseni."

Amawotchi anatulutsa m'thumba kagalasi kawo ka diso limodzi koonera m'kati mwa wotchi. Anakaika padiso, naweramira tsambalo, n'kuyenda nalo pang'onopang'ono mpaka pansi. Zonse zinalipo monga anawerengera mkamwini. Anatseka bukulo n'kulibweza.

"A filimu tisawanene," anatero. "Anakopera kwa wolakwitsa."

"Koma Bambo, wolemba bukuli ndiye mwini nkhani!"

"Eni mawotchi amabwera tsiku lililonse. Sadziwa chimene chaima m'kati."

Mkamwini anakhala pansi, buku lili pamiyendo. Anayang'ana mkazi wake kuti amuthandize, koma iye ankayang'ana bambo ake.

"Nanga inatha bwanji, Ababa?"

Amawotchi anabweza kagalasi kaja m'thumba. Kukamba nkhani sinali ntchito yawo. M'nyumba mwawo wolankhula anali wina. Koma ankadziwa kuti akapanda kunena lero, mdzukulu aliyense wobadwa m'nyumba muno adzamva za manda a m'mbali mwa mtsinje.

"Madzi anamutaya kumunsi," anayamba, mawu ali okhakhala. "Anayenda wapansi. Anafika matope mpaka m'mawondo, n'kupeza bwalo ladzaza, anthu akulira maliro ake. Mfumu ili kutsogolo."

"Ndiye anakumbatirana?" anafunsa mkamwini mosamala.

"Ayi. Anaiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, 'Anthu onsewa abwera, inu n'kumandilira ndi malaya osasita amenewo?'"

Mwana wawo anaphulika kuseka, kenako anadzuka msangamsanga kulowa kukhitchini, n'kutsegula mpopi mwamphamvu. Mkamwini anatsala akutembenuza buku lake uku ndi uku.

Amawotchi anaweramitsa mutu kuyang'ana malaya awo. Anawongola kolala ndi zala ziwiri, koma inapindikanso.