Mkono wa Tadala mumpope wa mfuti

Chidzukire thupi likungonjenjemera, ngakhale madzi sindinamwe.

Ndinalota tili kumunda dzuwa lili paliwombo, anyani atakhala chete m'mizere ngati anthu a pamaliro. Amuna anga, bambo a Tadala, anali ndi mfuti yawo ya gogodela, koma anaiwala ngati anathiramo wonga. Masiku onse amalowetsa kachitsulo mumpope, kakatsala zala zitatu kunja amadziwa kuti wonga ulimo. Kumalotoko kachitsuloko kanafewa ngati luzi.

"Iwe, tabwera naye mwanayo," anatero akuseka. "Kamkono kake nkowonda, kalowa."

Ndimati ndikane, mkamwa munadzaza mchenga. Ndinamumasula ndekha kumbuyo. Ndekha! Anamulowetsa mkono mpaka m'phewa, chitsulo chili moto, fungo la wonga likundiwawa m'mphuno. Tadala sanalire, ankangondiyang'ana.

Apongozi anga aakazi anatulukira m'chimanga akutafuna mzimbe. "Fulumira mwana wanga, anyani akutha munda. Mwana abereka wina ameneyu."

"Sakukhudza kanthu," anatero bambo a Tadala. "Tiyese tione." Chala chawo chinayamba kukoka, mkono ukadali momwemo.

Ndinadzidzimuka mkaka utanyowetsa malaya. Kaya ndi malungo, kaya pali chimene ndikuuzidwa, sindikudziwa.

Mfutiyo imakhala kuseri kwa chitseko, komwe Tadala amakwawira. M'mawa uno ndawafunsa bambo a Tadala ngati muli wonga. Sanatembenuke nkomwe. "Ukufuna kudziwa? Pita ukasuzumire."

Ndamubereka Tadala, ndili pa mtondo panja. M'nyumbamo sindilowa.